Zimene Keziah Analemba m'Chingelezi

Pa siteji ya Nyimba, mayi wogulitsa nthochi anaonetsa foni yake kwa bambo wina wodikila basi.

"Bambo, mwana wanga Keziah waika izi pa Watsapu. Mawu awa akuti daunting atanthauza chiyani?"

"Ndi chinthu chokufooketsa usanachiyambe n'komwe, amai. Monga kuima wekha pamunda waukulu, udzu uli m'chiuno."

"Nanga chamufooketsa n'chiyani?"

"Akuti kulela yekha ana atatu ku Lusaka, chimwalilile mwamuna wake."

"Koma mailo pafoni ankaseka, amvekele ndili bwino!"

"Izi walembela anzake, amai."

"Zabwino amandiuza m'Chinsenga, zowawa wabisa m'Chingelezi kuti ine womubeleka ndisamve. Bambo, basi ya ku Lusaka ifika nthawi yanji?"