Mapalo Analongedza Tisanapeze Nyumba

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Chaka chatha eni nyumba imene tinkachita lendi ku komboni ya George anandiuza kuti ndichoke mwezi ukatha, chifukwa mwana wawo akukwatira. Ndine mayi wamasiye, ndili ndi mwana mmodzi, Mapalo, amene anali atangoyamba sukulu. Ndinayenda mpaka ku Matero kufunafuna chipinda, koma paliponse panali podzaza.

Ndinasala kudya, ndinapemphera mpaka mawu kusasa. Kutchalitchi anzanga ankaimirira kupereka maumboni, uyu wapeza ntchito, uyu wagula puloti ku Kabanana, ine ndikuwomba m'manja mtima ukupsa ndi nsanje. Ndinkadzifunsa kuti, kodi Mulunguyu ali ndi ana a kwa mkazi wamkulu ndi a kwa mkazi wamng'ono? Vuto langa sindinauze munthu poopa kusekedwa.

Mapalo anapemphera kamodzi kokha, phala lili patsogolo: "Ba Yesu, tipaseni nyumba, ameni." Atatha kudya anaika madiresi ake m'pulasitiki n'kumanga. M'mawa uliwonse ankamasula, kutulutsa chovala, n'kumanganso. Ankadya bwino, ankaimba posamba, ine ndikuwonda. Kunena zoona, mwana wanga yemwe ndinamuchitira nsanje.

Kwathu madzi timatunga pa kiyosiki, ndipo timasiya zigubu pamzere kuti zitisungire malo. Loweruka lina ndinamutuma kukadikirira zigubu zathu. Nditamutsatira ndinapeza akuuza azimayi onse nkhani imene ine ndinkabisa.

"Ise tisamuka manje manje."

"Muyenda kuti?" anafunsa ba na Chanda, mayi wogulitsa makala amene tinkangopatsana moni.

"Siniziba. Ba Yesu ndiye baziba."

Manyazi anandigwira, ndinamutsina khutu. Koma ba na Chanda ananditengera pambali. Iwo ankabwerera ku Kitwe kukadwazika amayi awo, ndipo ankasowa munthu wokhala m'nyumba mwawo kuti akuba asazule zitseko. Anandipatsa makiyi sabata yomweyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la pa mbale ya phala. Abale, musatope kupempha, ndipo mukapempha konzekani ngati mwana amene bambo ake amulonjeza. Nsanje ija ikadalipo, sindinama, koma tsopano ndimangosirira mtima wa Mapalo.

Tsiku losamuka ine ndinathamanga uku ndi uku kufuna matumba. Iye anangonyamula pulasitiki yake n'kuima pakhomo.

"Mami, mwachedwa. Nenze ninakuuzani."