Koleji Imene Anthu Akulimbirana

Minibasi yopita ku Mampong inali isanadzaze pa siteji ya ku Kumasi. Mayi Pokuaa atangodula foni, bambo wa tayi amene anamupeza atakhala kale pawindo analowerera nkhani yawo. Iwo anamuyang'ana cham'mbali.

"Pepani mayi, ndamvako. Mwana akufuna maphunziro a bizinesi? M'tumizeni ku koleji yodulayo, ku Accra."

"Ndigulitse munda wanga wa koko? Yotchipa ili pompano, ndipo amaphunzitsa zomwezo."

"Zomwezo? Uko akakhala benchi limodzi ndi ana a nduna! Anthu akuchita kulimbirana malo."

"Inuyo amakupatsani zingati mukakopa munthu?"

"Aa, mayi! Ine ndikungokuthandizani. Kumene kwadzaza anthu n'kumene kuli zabwino."

"Wanu ali komweko?"

"Wanga akadali wamng'ono."

Apaulendo enieni atachuluka, kondakitala anagogoda pawindo. Bamboyo anatsika, n'kulandira kandalama kake, n'kukakhala m'minibasi yotsatira yopanda anthu, kuti nayonso ioneke ngati ikudzaza.

Mayi Pokuaa anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene! Ku kolejiko, ana a ndunawo nawonso amatsika ikadzaza?"