Sabata ya pa Lolemba

Pamsika wa ku Aizawl, Saikhuma anakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa fodya, akupotokola kachingwe ka mfundo zisanu ndi ziwiri.

"Bambo, kachingweko n'ka mankhwala?" anafunsa mayiyo.

"N'kowerengera masiku, mayi. Kumudzi kwathu Mkhristu ndine ndekha. Ndikafika pa mfundo yomaliza, ndiye Sabata, chikwanje sindigwira."

"Nanga bwanji nkhope yagwa chonchi?"

"Akulu a mpingo kumishoni andidula ku Mgonero. Akuti miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikulima pa Sabata."

"Munkalimadi?"

"Malungo anandigoneka, tsiku limodzi linandidutsa osadziwa. Ndiye ndinkapuma Lolemba."

"Koma kupumako munkapuma?"

"Osaphonya! Mbalame zikutha mpunga kumunda, ine ndili m'nyumba kuimba nyimbo. Chonsecho abale anandikana kale chifukwa ndinasiya mowa wa nsembe."

"Ndiye kwanu simuli, kumpingo simuli. Muli kuti?"

"N'zimene ndinawafunsa. Akuti ndibwerenso ikatha miyezi isanu ndi umodzi."

"Muiwerenga ndi chiyani?"

Saikhuma anayang'ana kachingwe kaja.

"Chondizunguza si chimenecho, mayi. Nyimbo zanga zonse zija za Lolemba, kodi kumwambako zinkamveka, kapena Mwiniwake ankakhala ali kumunda?"