Zipi ya Kumsana kwa Chilombo

Pa siteji ya makombi ku White City, mayi wovala yunifomu ya unesi ankangoyasamula. Bambo wina wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka, amene anaima naye pamzere, anamuyamba.

"Ba sista, simunagone?"

"Ndigone bwanji, bambo? Mwana wanga akukana kugona yekha, akuti kuseri kwa chitseko kuli chilombo."

"Muonetseni mafilimu akale aja. Chilombo cha labala, mutu ukugwedera, zipi ili poyera kumsana. Azaseka chabe."

"Ndi zimene ndinachita dzulo. Ndinaimitsa filimu n'kumulozera zipiyo. Ndinati, 'Waona? Ndi munthu wangovala. Onanso nsapato zakezo, ngati za adadi ako.'"

"Manje anaseka?"

"Ayi. Anangofunsa kuti munthuyo akubisaliranji."

"Aa! Ni wochenjera maningi uyo."

"Kuchenjerako kwandipindulira chiyani? Chilombo wasiya kuopa. Pano akukana kuti bambo ake amunyamule."

"Nanga imwe?"

"M'mawa uno ndinamuuza kuti anditsekere zipi ya diresiyi. Anangoigwira, n'kundifunsa chapansipansi, 'Mama, mkatimu muli ndani?'"

Kombi itafika mayiyo anakwera, zipi ija ikadali yotsegula kumsana.