Anatseka madzi a dimba langa

Abale anga mwa Ambuye, ndakupatsani moni nonse, ine mdala Njobvu wa ku Chinyunyu. Sukulu sindinapite patali, koma zimene anandichita ba cheyamani athu ndizilemba ndekha ndi dzanja langa.

Kopaletivu yathu ili ndi pampu imodzi yothirira madimba, ndipo mpopi umazungulira membala aliyense. Ine ndinabzala matimati oti ndikagulitse kumseu. Atayamba maluwa m'chilimwe, mbuzi za ba cheyamani zinathyola mpanda ndi kudya mizere ya kumunsi. Ndinapita nayo nkhani ku komiti. Pampando woweruza ndinapeza pakhala mwini mbuzi yemweyo. Iye wolakwa, iye woweruza. Anati ndamunyoza pamaso pa anthu, choncho mpopi usafikenso kwanga mpaka ndikagwade. Ine ndigwadire munthu amene ndinamuona akuyenda wopanda kabudula?

Ndinapita kupolisi. Anati palibe wabedwa, palibe wamenyedwa, nkhaniyi si yawo. Ku lokolo khoti kalaliki anati za m'kopaletivu zili ndi njira yake, ndibwerere ku komiti. Komiti yake iti, si yomweyo ya mwini mbuzi? Ine ndikuzungulira maofesi, matimati akugona pansi. Ine ndi mkazi wanga tinayesa kutunga ndi zidebe, koma misana yathu inatha kale. Ndinapemphera mokalipa, sindibisa. Ndinati, Ambuye, ngati pansi pano palibe woweruza mlandu uwu, tsikani muuweruze nokha.

Mkwiyo unakweza bipi, ndipo anandithamangitsira kuchipatala ku Mpanshya. Pabenchi poyembekezera ndinali kusimbira wodwala mnzanga nkhani yonse. Ine sinditha kunong'ona, mpaka nesi anatuluka kudzandiletsa. Mayi wina amene anabweretsa amake odwala anatembenuka nati, "Atate, bwerezani. Waweruza ndani?" Ndinabwereza. Iye anati, "Ndigwira ntchito ku boma, ku ofesi yoona makopaletivu. Mikangano ya mamembala ikakanika kwanu, imabwera kwa ife. Simunauzidwe?" Ndani akanandiuza? Ba cheyamani?

Sabata yotsatira mayiyo anafika pa njinga yamoto, naitana mamembala onse. Ba cheyamani anakhala pampando wawo monga mwa masiku onse. Mayi uja anati, "Lero ndinu mwini nkhani. Tsikani, mukhale pabenchi ndi atate awa." Anatsika. Tinakhala phewa ndi phewa, iye akupuma ngati ng'ombe yolima. Mamembala amene anali chete miyezi yonse anayamba kukamba. Mayi uja anagamula kuti mpopi ubwerere kwanga tsiku lomwelo, ndipo mwini mbuzi amange mpanda ndi manja ake.

Mtima sunazizire, ndinene zoona. Theka la dimba linauma chifukwa aliyense anali kunena kuti nkhani si yake, ndipo palibe amene anabweza zimenezo. Koma Mulungu amene anandikhazika pabenchi imodzi ndi mayi uja, pa anthu onse a m'boma lathu la Rufunsa, ndimuyamika mpaka kumanda.

Inu amene akukukankhani khomo ndi khomo, musagwade ndipo musaleke kupemphera. Funsani amene ali ndi mphamvu pa mlandu wanu, alipo. Matimati amene anatsala anapsa, ndipo bokosi loyamba ndinalinyamula pamutu kupita nalo kutchalitchi. Lemekezani Ambuye pamodzi ndi ine. Amen.