Amayi anasinthana bedi ndi agogo odwala shuga

Achimwene a pawailesi, ndine mayi wa ku Hara kuno ku Karonga. Ndiwerengereni nkhaniyi, mwina mtima ungapepuke.

Amayi anga anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Bedi lawo linali pafupi ndi chimbudzi, pomwe agogo ena odwala shuga, ovutika kuyenda, anali kukona, kutali nacho. Amayi anamva chisoni. "Bwerani mugone pano agogo, ine miyendo ndili nayo," anatero. Namwino wam'mawa anavomera, mpaka anathandiza kunyamula zofunda. Koma poweruka anali atatopa, ndipo anaiwala kuuza mnzake wamasana.

Ine ndinali kunja, ndikuchapa. Namwino wamasana anafika kukona kuja ndi jakisoni wa shuga, n'kupeza amayi ali m'tulo. Sanawadzutse kuti awafunse dzina. Anangobaya.

Nditabwerera ndinapeza amayi ali thukuta kamukamu, osayankha. Anamwino ankati ndi chibayo chomwecho. Zinadziwika agogo aja atayamba kudandaula kuti jakisoni wawo sanalandire. Apo n'kuti nthawi itatha kale.

Amayi sanamwalire, koma mutu wawo sunabwererenso mwakale. Mpunga analeka kulima. Amangokhala pakhonde, ndipo ine mwana wawo amandifunsa m'Chitumbuka ngati mlendo: "Mwafuma nkhu?" kutanthauza kuti mwachokera kuti.

Anamwino, ndikudziwa kuti ndinu ochepa ndipo mumatopa. Komabe muziuzana posinthana ntchito, muzifunsanso dzina musanabaye munthu. Dzina limene amayi sanafunsidwe tsiku lija, lero ndine ndimawakumbutsa m'mawa uliwonse.