Chipata Chimodzi cha a Kanyenda

Malemu a Lameki Kanyenda anabadwa pa 14 Malichi 1954 kwa Kapelula, m'boma lino la Kasungu. M'banja mwathu tinabadwa ana asanu ndi mmodzi. Iwo anali achiwiri, ndipo ine Jeremiya amene ndaima pamaso panu ndine mzime. Abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Ndipemphe kuti mundipirire, chifukwa muli zina zimene sizikoma kuzimva pamaliro, koma eni ake anatilamula kuti tisazibise.

Sukulu anayamba mu 1962, nalekezera sitandade sikisi pamene bambo athu anamwalira. Chimene anatolako kwenikweni kusukuluko ndi mpira. Kusewera sankatha, tisanamizane pamaso pa bokosi lawo. Mwendo wawo unali wolemera ngati wa ng'ombe ya pangolo. Koma kusonkhanitsa anthu, kugawa matimu ndi kuzika mitengo ya magolo, pamenepo panalibe wowaposa.

Mu 1973 analowa ntchito pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chamama, kumene ankasonkha moto m'mabalani owotchera fodya. Mu 1979 anamanga banja ndi mayi Lefina mu mpingo wa CCAP, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Esitetiyo itatsekedwa mu 1994, anakhazikika pano n'kumalima fodya wawo ndi chimanga. Analinso mkulu wa mpingo. Amene anagwira nawo ntchito akudziwa kuti anali munthu wachilungamo, komanso kuti akanena chinthu, anena basi.

Mu 2006, titakolola koyamba chimanga cha fetereza wa makuponi, malemu anapempha malo kuseri kwa msika kuti akonze bwalo la timu yathu. Anaona kuti khomo lililonse lili ndi matumba a fetereza opanda ntchito. Analengeza kuti wofuna kuonera mpira abwere ndi thumba limodzi, thumbalo ndiye tikiti yake. Mayi Lefina ndi amayi anzawo anasoka matumbawo, anyamata anazika mitengo ya bulugamu, ndipo bwalo linakhala ndi mpanda woyera mbee. Anthu tinawaseka. Chaka chisanathe, ife oseka aja tinali pamzere kugula matikiti apepala.

Zaka zimenezo nkhokwe zinali zodzaza, ndipo munthu wokhuta amafuna koonera. Anthu ankabwera panjinga, pangolo, kenako pamalole, kuchokera kwa Wimbe, ku Mtunthama ndi kwathu kwa Kapelula. Matumba aja anayamba kung'ambika, ena chifukwa cha dzuwa, ena chifukwa cha malezala a anthu ofuna kusuzumira. Choncho mu 2009 malemu anapempha njerwa za mabalani akale a pa esiteti paja, namanga khoma lalitali kuzungulira bwalo lonse. Khoma lija mukulidziwa nonse.

Pakhoma lonselo anasiya chipata chimodzi, chopapatiza, choti anthu azilowa mmodzimmodzi, chitseko chake chachitsulo chotsegukira mkati. Ine ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiyankha kuti zipata ziwiri zimafuna anthu awiri okhulupirika, ndipo iwo padziko lino ankadziwapo mmodzi yekha. Tinaseka.

Koma anali ndi mwambo wawo wachifundo. Masewera akatsala pang'ono kutha, ankatsegula chipata chija kuti opanda tikiti alowe ulere, aoneko chigoli chomaliza. Ankati nawonso anakulira kunja kwa mpanda. Choncho Loweruka lililonse la mpira, kunja kwa chipata kunkakhala khamu lina, ana ndi akulu omwe, kudikira nthawi yawo. Chaka ndi chaka khamu lamkati linkakula, lakunja linkakulanso, koma chipata chinali chomwecho.

Kumayambiriro kwa chaka chino cha 2011, timu ya ku Lundazi, m'dziko la Zambia, inavomera kudzasewera ndi anyamata athu. Aka kanali koyamba kuti alendo a dziko lina adzaponde bwalo la kuno. Mu komiti ya timu munali maganizo awiri. Ena ankati masewerawo apite kubwalo la kusukulu, lalikulu, lopanda mpanda. Amene anakana ndi malemu. Anati pabwalo lopanda mpanda tikiti ugulitsa kwa ndani, ndipo alendo asabwerere kwawo osaona khoma la a Kanyenda. Komiti inawamvera monga mwa masiku onse.

Loweruka pa 9 Epulo bwalo linadzaza mpaka anthu kuima pamzere wa laimu. Matimu anali atagoletsana chimodzi chimodzi. Kumvuma kunali kutada, koma tonse tinkati mvula ya Epulo ndi yongoopseza. Nthawi yawo itakwana, malemu anachotsa loko pachipata monga mwa mwambo. Nthawi yomweyo mvula ya matalala inakhuthuka. Amkati anathamangira kuchipata kuti atuluke, akunja anathamangira pomwepo kuti alowe. Chitseko chija chinakankhidwa mpaka kukhoma, malemu ali kuseri kwake. Ambiri mwa inu munalipo. Ena munataya nsapato, ena munathyoka mikono, ndipo kuti tsiku limenelo sitinaike mwana wa munthu m'manda ndi chisomo chabe.

Malemu anadzuka okha, nasasa matope, n'kunena kuti ndi kachilaso chabe. Mlungu wonse anali m'chigafa kusankha fodya, atagwira nthiti. Mayi Lefina atapeza magazi pampango wawo, tinawakakamiza kupita kuchipatala cha boma ku Kasungu pa 18 Epulo. Madokotala anapeza kuti nthiti zinathyoka ndipo imodzi inavulaza mapapo. Anayesetsa, ndipo tikuwathokoza, koma tinali titachedwa.

Ali m'chipatala anamva kuti masewera aja, poti sanathe, adzabwerezedwa pa 7 Meyi pabwalo lomwelo, ndipo matikiti akugulitsidwiratu m'magolosale chifukwa ofuna ndi ambiri kuposa poyamba. Usiku sanagone nazo. Ine m'moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo achimwene anga akunena kuti ndinalakwa, koma m'chipatala muja anazinena kwa aliyense wobwera kudzawazonda. Anatuma mwana wawo woyamba, a Sankhani, kwa a Fredson, wapampando wa komiti, kukapempha kuti masewera asamukire kusukulu, apo ayi agumule khoma pakhale chipata chachiwiri. Yankho linabwera laulemu ndithu. Anati matikiti agulidwa kale, kusukulu kulibe mpanda, kugumula khoma kudikire chilimwe, ndipo masewerawo adzakhala olemekeza a Kanyenda pabwalo lawo. Malemu atamva anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu.

Anatisiya Lachiwiri pa 3 Meyi 2011, ali ndi zaka 57. Asanatseke maso anatipatsa lamulo limodzi. Anati manda awo asamangidwe ndi njerwa zogula, koma za khoma lawo, zochotsedwa mbali ya kumadzulo, moyang'anana ndi chipata, ndipo tigumule mpata woti ngolo ziwiri n'kudutsana. Anati njerwazo anapempha ndi iwo, anatuta ndi iwo, palibe angawaletse kugona nazo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzulo adzukulu okumba manda anapita ndi nyundo, ndipo njerwa zimene mukazione kumanda zija, zakuda ndi mwaye wa fodya, ndi zomwezo. Zotsala taziunjika pambali.

Asiya mkazi wawo, mayi Lefina. Ana atatu, a Sankhani, a Goodness ndi a Yankho. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ndi ife abale awo awiri. Zidzukulu zinayi mwa zimenezi zili ndi matikiti a mkuja m'matumba. Ndikudziwa kuti pa inu amene mwakhala pano, makomo ambiri ali nawonso.

M'malo mwa banja ndithokoze abusa ndi akulu a mpingo, amayi a chigwirizano amene akhala nafe chiyambire Lachiwiri, mafumu, adzukulu, anamwino ndi madokotala, a Kelvin amene anatithandiza ndi galimoto, ndi anyamata a timu amene anyamula bokosi. Ndithokozenso a komiti chifukwa cha nkhata ya maluwa yokongola imene abweretsa.

Koma mmawa uno, pamene timabwera ndi thupi, tinadutsa pabwalo paja. Pampata umene tinagumula dzulo tapeza ngolo ya njerwa zatsopano itatsitsidwa kale, mchenga uli pambali, chingwe cha mmisiri chitakokedwa. Sindikuloza munthu chala pamaliro. Ndikungoti lero ndi Lachinayi, alendo afika mkuja, ndipo amene ankadziwa kulemera kwa chitseko chija agona m'bokosi umu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife a banja njerwa zathu zakwana, sitikufunanso zina. Tikupempha kuti mlungu wamawa pasapezeke banja lina lodzafuna zotsala zija.

Achimwene, mpata munaupempha tinautsegula. Ngati ukhale wotsegula, zili kwa anthu amene akumva mawu anowa. Mzimu wanu uuse mumtendere.